Che Sumani ndi Chimkuzamawu cha ku Hatile

Ndikakumbukira Che Sumani, ndimamva fungo la labala wopserera ndi mtovu wosungunuka, losakanikirana ndi utsi wa mbaula umene unkakuta komboni yathu ku Gatuma, kumene lero timati ku Kadoma. Anali Msilamu wochokera ku Nyasalande ngati makolo anga, khomo lawo loyang'anana ndi lathu, ndipo anakalambira pamgodi wa ku Chakari akuthandizira mzungu wa zamagetsi. Ana tonse tinkawatcha agogo.

Ndili ndi zaka khumi, mpingo wathu unachita msonkhano waukulu ku Hatile, Chegutu ya masiku ano. Akulu ampingo anabwereka chimkuzamawu, waya wake n'kumukoka kuchokera muholo ya sukulu mpaka pamsasa waudzu, ndipo ine ndinasankhidwa kuyimba ndekha ndime yoyamba ya nyimbo. Che Sumani anakwera nafe lole kukaona mwana wawo wokwatiwa kumeneko, koma asanapitirire anaima kuseri kwa mpanda kuti andimve.

Mvula inali itagwa mmawawo. Ndinapita kutsogolo wopanda nsapato, matope akulowa pakati pa zala, chimkuzamawu chikung'ung'udza ngati njuchi zili m'chitini. Ndikuti nditambasule dzanja kugwira maikolofoni yachitsulo ija, ndinamva mfuu.

"Basopa! Esinati, manja kumbuyo!"

Anali Che Sumani, atadumpha mpanda, chisoti chawo choyera chili m'matope. Anathamangira kuholo nakazimitsa magetsi. A Banda, mkulu wa mpingo, anawatsatira nkhope ili gwaa.

"Bambo, pano si pamzikiti. Mwatiimitsira mapemphero chifukwa chiyani?"

"Pepani, akulu," anatero Che Sumani akupumira m'mwamba. "Chinthuchi chilibe waya wopita pansi. Magetsi akataya njira amafuna nthaka, ndipo lero akanadutsira mwa mwanayu."

Anawaonetsa pakhoma. Panalibe pulagi, koma mawaya awiri okha opanikizidwa ndi timitengo ta machesi, wachitatu atadulidwa. Atatsegula bokosi la chimkuzamawu, anapeza waya woperepeseka akukhudza chitsulo. A Banda anangogwira pakamwa.

Khamu lonse linadikira padzuwa, makanda akulira, sadza, nsima ya kumeneko, ikuzizira m'miphika, Che Sumani atagwada osathamangira munthu. Anakulunga waya woperepeseka uja, n'kupala paipi ya mpope ndi mpeni mpaka inanyezimira, kenaka anamangapo waya wamkuwa wochokera pabokosi, akumukoka ndi pulayala milomo ili yoluma. Atayatsanso magetsi, kung'ung'udza kuja kunatheratu. Anayamba iwo kukhudza maikolofoni ndi kuseri kwa dzanja, kenaka anavula nsapato zawo zamphira n'kundiveka.

"Imba tsopano, mdzukulu wanga. Ndikumvera panja."

Ndinayimba nditaima m'zinsapato zazikuluzo. Nyimbo itatha, a Banda anatuluka okha kumpanda atanyamula mpando wawo, napempha Che Sumani kuti akhalepo. Mayi anga analira njira yonse yobwerera, atandigwira dzanja osalitaya.

Lero ndili ndi zidzukulutuvi, ndipo ambiri mwa iwo amandiyankha m'Chishona. Achinyamata a kwaya akamalumikiza zoimbira zawo m'tchalitchi, ndimadzuka ndi ndodo yanga kukasuzumira pakhoma, n'kuwerenga mano a pulagi. Amaseka kuti gogo ayambapo. Asekedi, koma mwana aliyense sagwira maikolofoni ine ndisanawerenge kufika pa atatu.