Bakuli la Kalongonda Pakhomo la Sitolo

A Nester Nakhumwa amagulitsa masamba pafupi ndi geti la chipatala ku Nguludi, ndipo aliyense amene anagulako mpiru wawo amadziwa kuti pakamwa pawo mpakuthwa. Ukanenerera mtengo amakufunsa ngati unawathandiza kuthirira kudimba. Munthu mmodzi yekha ndi amene sanalaweko lilime lawo: Vitalis, mwamuna wa mwana wawo Ruth. Osati kuti ankamukonda, ayi. Mwambo ndiwo unkamutchinjiriza. Kwawoko mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sayandikizananso. Zaka zisanu ndi chimodzi, Vitalis akakumana nawo pakanjira ankapatukira m'chimanga, n'kunjuta, mpaka iwo adutse. Iwo ankadutsa akung'ung'udza mumtima kuti mwamuna wanji wolima mizere iwiri n'kuyamba kuyang'ana dzuwa.

Kenako mkamwiniyo anapeza ntchito ya ulonda ku Blantyre, pamasitolo aja a anthu amagalimoto, onse pansi pa denga limodzi. Anali adakali m'miyezi yoyesedwa. Ruth, mayi wa Chipiliro, anali woyembekezera kachiwiri, ndipo pakhomo pawo panalibenso pena podalira kupatula yunifolomu imeneyo.

Nandolo atagulitsidwa, Ruth anapempha mayi ake kuti amuperekeze akagule beseni ndi kabulangete ka mwana kumasitolo komweko. A Nester anangoyamba kuphika kalongonda. Nyemba zimenezi sizifuna munthu waphuma: umaziwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso, mpaka ululu wake wonse uthe. Anachita zimenezi tsiku lathunthu. Munthu waulesi kumunda akadzuka n'kukagwira ntchito amayenera kudziwa kuti apongozi aona, ndipo poti pakamwa sakanamuuza, bakuli likanawanenera.

Mu minibasi Ruth anawanong'oneza. "Amayi, tikafika musawapatse moni bambo a Chipiliro. Mwezi watha anzawo anachotsedwa ntchito chifukwa chodutsitsa m'bale wawo pakhomo osamuona katundu. Kapitawo wawo ndi wovuta."

"Ine ndinayamba ndamupatsapo moni liti?" anatero a Nester.

Polowera m'sitolomo panali pamalo pena, pomwe anthu ankasiya zikwama zawo n'kulandira kanambala. A Nester anaona mtsikana wosamudziwa akuponya katundu wa anthu m'mashelefu, mtima unakana. Chakudya cha mkamwini sachisiya m'manja mwa mlendo. Ruth ali kalikiliki kusolola ngolo yokankha, iwo anabereka bakuli kumsana ndi chitenje, n'kufunda china pamwamba.

M'katimo munkazizira ngati m'mawa wa mu Juni. Matailosi ankaterera, iwo n'kumayenda chokwakwaza mapazi. Anagwira kabichi wokutidwa m'pulasitiki, kuona mtengo wake, n'kumubweza msangamsanga. Ruth anasankha zinthu zake, analipira, napatsidwa lisiti.

Potulukira ndi pamene panali Vitalis, ataima njo, akuona malisiti ndi kusuzumira m'majumbo. Analandira lisiti la mkazi wake ngati la munthu wamba, nachonga. Atadzutsa mutu anaona amene anali kumbuyo kwa Ruth. Miyendo inachita zimene inazolowera. Anabwerera m'mbuyo, nkhope kukhoma, mawondo n'kupindika pang'ono, apongozi n'kudutsa ndi chotupa chawo kumsana.

"Imani pomwepo, mayi!"

Anali kapitawo, wamfupi, wayilesi ili m'manja. Anthu a pamzere anatembenuka onse.

"Vitalis, mayi awa abereka chiyani? Mwana wake alibe mutu? Ndiye iwe ukuwapatukira ngati akudutsa ndi bishopu? Masula chitenjecho tione."

Vitalis sanasunthe. Thukuta linatsika m'khosi mpaka kunyowetsa kolala. Kwa nthawi yoyamba a Nester anamumvera chisoni. Kugwira chitenje cha apongozi, nkhani ikanafika ku Nguludi iwo asanatsike minibasi. Kukana, ntchito yatha. Ruth anali atakumbatira beseni pamimba.

Kapitawo anayang'ana mlondayo, nayang'ananso mayiwo. Mawu ake anatsika. "Kodi ukuwadziwa amayiwa?"

Vitalis anatsegula pakamwa. A Nester anadziwa kuti mwana wa ku mishoni ameneyu anena zoona, chitsiru.

"Andidziwira kuti?" anakuwa iwo, ndi mawu aja a pamsika. Anatembenuka n'kumuyang'ana Vitalis m'maso, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire mwana wawo. "Inu achimwene, anakulembani ntchito yoyang'ana khoma? Onani katunduyu ndizipita, kwathu n'kutali!"

Anamasula okha mfundo, natsitsa bakuli, n'kulikankhira m'manja mwake. Vitalis anavundukula. Fungo la kalongonda linakwera pakati pa mafuta onunkhira a anthu a m'tauni. Mayi wina wa magalasi anaseka. Vitalis anayang'ana nyembazo nthawi yaitali, chifukwa ankadziwa kutalika kwa kaphikidwe kake, ankadziwanso amene anamuphikira.

"Ndi chakudya cha kumudzi, bwana," anatero. "Si cha muno."

"Ndiye uziona aliyense. Nkhalamba zomwezi ndi zimene zimaba." Kapitawo anakodola ndi wayilesi. "Tengani zanuzo, mayi. Tsiku lina muzisiya polowera."

Tsiku lina lililonse, munthu wowatcha a Nester wakuba akanamva mbiri ya makolo ake onse. Koma osati lero. Analandira bakuli m'manja mwa mkamwini wawo, naliberekanso, n'kutuluka osacheuka.

Anakafika pokwerera minibasi. Ruth ankapukuta misozi ndi kabulangete katsopano kaja.

"Amayi, bwanji ndibwerere ndikawapatse?"

"Kuti kapitawo aone kuti tinanama? Khala pansi."

A Nester anakhala pa benchi, bakuli lili pamiyendo. Manyazi ankawawotcha, a kutukwanidwa ndi a kuyang'ana mkamwini kumaso, ndipo sankadziwa kuti aakulu ndi ati.

"Akabwera kumudzi Loweruka," anatero potsiriza, "umuuze kuti sindinamuone. Iyenso sanandione. Ntchitoyo aigwire."