Bambo ndi Manachesi a Eni

Amayi atamwalira, ndinakawatenga bambo kwa Kanduku kuti azikhala nane pa boma, pomwe ndimaphunzitsa. Ndinkaona ngati ndawachitira zabwino, poti madzi anali a pampopi ndipo chipatala chinali pafupi. Sindinkawalola kugwira ngakhale tsache.

Patatha miyezi iwiri anayamba kudandaula m'thupi. Lero msana, mawa mawondo, mkuja thupi lonse. Kuchipatala anangopeza kuthamanga kwa magazi, matenda omwe anali nawo kale, n'kutipatsa mapiritsi omwewo. Koma munthu ankatha. Popita kusukulu ndinkawasiya pampando pakhonde, pobwera n'kuwapeza pomwepo, wailesi ili chete pamiyendo.

Amene anatithandiza ndi mayi wina woyandikana nafe, namwino wochokera kumpoto. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mitengo itatu ya manachesi yomwe inkangoyoyola maluwa osabereka. Tsiku lina anawafunsa bambo ngati akudziwapo kanthu, poti ndi akonkuno, kumene manachesi amalimidwa kwambiri. Bambo anadzuka ndi ndodo yawo, n'kukaizungulira mitengoyo. Anati yatsamwa ndi nthambi zouma, ndipo anapempha chikwanje.

Ine ndinafuna kuletsa, koma namwinoyo anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, asiyeni. Mankhwala akumwa kale. Chimene akusowa n'choti pakhale wina wowafuna."

Ntchitoyo inawatengera sabata yathunthu. Kenako azibambo a kutchalitchi anayamba kuwaitana kuti akawasadzire mitengo yawo. Wina wa kwa Nthache anachita kubwera ndi njinga kudzawatenga kuti akamuphunzitse kumezanitsa manachesi pa mandimu. Bambo ankabwerako ali mbuu ndi fumbi, atatopa, akulongolola za anthu obzala mitengo mothinana. Chakudya chinayamba kutha m'mbale.

Mawondo sanasiye kupweteka, ndipo masiku ozizira ankabuulabe podzuka. Koma mlongo wanga ataimba foni kuchokera ku Blantyre kufunsa za moyo, ndinawamva akuyankha kuti ali bwino, kungoti nthawi ikuwachepera.

Madzulo ena ndinawapepesa kuti ndinawakhazika ngati mlendo. Anaseka.

"Unkandikonda, mwana wanga. Kungoti unaiwala kuti ndili ndi manja."

Anakhala nafe zaka zina zinayi. Pamaliro pawo panabwera anthu ambiri amene sindinkawadziwa, ena wapansi kuchokera kumidzi ya kumalire. Anakumba manda, anaphika, ndipo ena anagona nafe pasiwa masiku onse awiri. Ndinalephera kuwathokoza mmodzimmodzi, ndinangopempha abusa kuti andilankhulire.