Babu la M'buti

Fungo la asidi wa batire limandibwezera ku Unit L, dera la m'tauni kumene tinkakhala, nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali giredi yachitatu. Linali fungo loboola m'mphuno ngati dzira lovunda, ndipo silinkachoka pakhonde pomwe bambo ankatsitsira batire. Galimoto yathu inali yakale, yobiriwira, ya mipando yachikopa yong'aluka. Anaisiya agogo aamuna, ndipo ndiyo inkanyamula mabelo a kaunjika a amayi kupita kumsika.

Chaka chimenecho inayamba kukana kulira m'mawa. Madzulo inkabwera yamphamvu, koma kukacha bambo akapotokola kiyi inkangoti kho, basi. Tinkaikankha mumsewu wafumbi zala zitauma ndi chisanu, anthu odikira makombi, maminibasi akumeneko, akutiyang'ana. Amayi ankafika kumsika malo abwino atatengedwa kale.

Bambo anasintha batire, anakapimitsanso alitaneta, koma vuto silinathe. Apa m'pamene maso awo anagwera pa amalume a Fanuel, mlongo wawo wa amayi, amene ankagona pabalaza pathu chiwachotsereni ntchito. M'nyumba munali mothina, choncho madzulo amalume ankakonda kukhala m'galimotomo. Bambo anati ankamvera wailesi ya m'galimoto n'kumatha batire. Amalume anakana, nati ankangokhalamo. Tsiku lina, titatopa ndi kukankha, bambo ananena anthu oyandikana nafe akumva kuti munthu wodya zaulere asamadyenso batire. Amalume analongedza chikwama chawo n'kupita kwa mnzawo ku Nyatsime. Kuyambira pamenepo amayi ankangowaikira bambo chakudya patebulo n'kuchokapo.

Batire linapitirizabe kutha.

Loweruka lina m'mawa bambo anatsegula boneti. Anamasula waya mmodzi wa batire, n'kulumikiza kababu pakati pa wayayo ndi batirelo. Kiyi anali m'thumba mwawo, koma kababuko kanayaka. Anandiuza kuti ndiye kuti pali chinachake chimene chikumwa moto galimoto itazima. Anayamba kuzula mafyuzi imodziimodzi, uku akusuzumira kababu. Atazula ya wailesi, kanayakabe. Anaibwezera, anaizulanso, kanayakabe. Anaima kanthawi fyuziyo ili m'manja. Kanadzazima atazula ya magetsi am'kati, chikhalirecho getsi lakudenga linali lozima.

Anaizungulira galimoto pang'onopang'ono, n'kuima kumbuyo. Pakhomo ponse wokwana m'buti ndinali ine. Anabwezera fyuzi ija, anandiyalira thumba, ndipo ndinagona chopinda miyendo pafupi ndi tayala lapadera. Munkanunkha mphira ndi zovala zakale.

"Ndikatseka undiuze ngati muli mdima," anatero.

Chitseko chinatsika, loko inati khethe. Mdima sunabwere. Pakona panali babu laling'ono lachikasu, ndipo ndinkaona bwinobwino mawondo anga otuwa. Ndinakuwa m'Chishona, monga tinkalankhulira ana tonse: "Riri kupfuta, Baba!" kutanthauza kuti likuyaka.

Kaswichi kozimitsa babulo buti ikatsekedwa kanali katapindika, mwina ndi mabelo aja. Kukawongola inali ntchito ya pulayala basi. Ine ndinkadumphadumpha, koma bambo sanaseke. Amayi anali ataima pakhomo ndi tsache, ndipo anamva zonse.

Mawa lake galimoto inalira bambo atangopotokola kiyi kamodzi kokha. Titatuluka m'tchalitchi bambo sanakhotere kunyumba, analunjika ku Nyatsime. Amalume tinawapeza akuponda matope a njerwa. Bambo anatsika, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Alamu, sinali wailesi." Amalume anapukuta manja pabuluku, anawapatsa moni, n'kufunsa za kunyumba. Bambo anawapempha kuti tibwerere limodzi. Iwo anayankha mwaulemu kuti njerwa zikanali zambiri.

Pambuyo pake amalume ankabwera kudzationa, ndipo ankaseka ndi bambo ngati kale. Koma pobwerera ankakwera kombi, ngakhale bambo atulutse kiyi. Ine ndinkaganiza kuti ankaopa kuti galimoto iwafera panjira, mpaka ndinkawatsimikizira kuti ndinaikonza ndine. Ndinadzamvetsa nditakula, nditagonako pabalaza pa eni, kuti amalume sankaikayikira galimotoyo m'pang'ono pomwe.