Nyemba za Mayi Roza pa Kompyuta ya Parishi

Mayi Roza Kachigunda ankataipa makalata pa parishi ina kufupi ndi Chisepo, koma anthu ankawadziwa ndi nyemba. Aliyense wodzapempha mbewu ankamupatsa mbale imodzi, n'kumuuza kuti akakolola apatseko mabanja awiri, nawonso adzatero.

Mu 1996 parishi inalandira kompyuta yakale. Wansembe anawaonetsa kachizindikiro kooneka ngati denga la nkhokwe, nawauza kuti kamachulukitsa nambala ndi iyo yomwe, mobwerezabwereza. Mayi Roza anaganiza za nyemba zawo, zomwe zinali zitayenda zaka zisanu ndi zitatu. Analemba PRINT 2^8, akuyembekeza mabanja 16. Makinawo anati 256.

"Chinthuchi n'chabodza, abambo," anatero, nachiphimba ndi chitenje.

Lamulungu, misa itatha, Mayi Roza anapempha kuti onse odzala nyemba za kwa Roza aimirire. Anthu anaimirira m'mabenchi onse mpaka kukhomo, ndi a ku Dzoole omwe, nkhope zimene sanazionepo.

Mayi Roza anakhala pansi. Chaka chimenecho mbewu yawo inali itafumbwa yonse, ndipo anali asanauze munthu. Tsopano ankadziwa kokapempha.