Kachewere wa a Baltazar

A Baltazar adakwatira ku Domwe ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, n'kukakhala chikamwini kwa akazi awo, a Márcia. Adalima kachewere m'dimba la apongozi zaka makumi atatu, mpaka anthu adaiwala kuti dimbalo lili ndi eni ake. Iwonso adaiwala. Anali munthu wanthabwala, woti akafika pamaliro ngakhale anamfedwa ankabisa kuseka m'chitenje.

A Márcia adamwalira chisanu chili pachimake. Tsiku lometa, a Tomé, mlongo wa malemu, adangoti, "Alamu, zosudzula tikambirana mukakumba kachewere." Adalankhula mofatsa ndithu. Koma mkamwini akasudzulidwa amanyamula zake n'kubwerera kwawo, ndipo kwawo kwa a Baltazar, kuseri kwa Ulongwe, kudangotsala manda a makolo.

Kuyambira tsikulo nthabwala zidauma. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo n'kutuluka nyimbo isanathe. M'mawa uliwonse ankayendera mizere, ndipo masamba atayamba chikasu adagwidwa ndi mantha enieni. Adapitiriza kuthirira mbewu yokhwima kale, poganiza kuti ichedwa kuuma. Mlimi wodziwa ngati iwo, kuoletsa chakudya dala! Anthu ankaona zonsezi, koma kwathu kuno bambo waimvi sitimufunsa chimene chikumudya. Timangomupatsa moni n'kudutsa.

Mwana wawo Argentina, amene adatengwa ku Kalomwe, adabwera pa minibasi ya shapa Loweruka lina. Adawapeza atakhala pamzere, ataonda mpaka malaya akulendewera.

"Ababa, kachewereyu akuolatu. Bwanji osakumba?"

"Ndikakumba andichotsa, mwana wanga. Ndipita kuti ine?"

Argentina adathamangira kwa a Tomé. "Atsibweni, chonde, ababa asiyeni akhale. Mutu wawo sukuyenda bwino."

"Aole asaole kachewereyo, mwezi wamawa tisudzula," adatero a Tomé, maso ali pa njinga imene ankakonza. "Iwe udapita ku Kalomwe. Dimba la amayi lingakhale m'manja mwa mlendo?"

Argentina adabwerera kudimba. Bambo ake adaimirira atamuonera patali.

"Ati chiyani alamu?"

Argentina adawayang'ana, ndipo chilungamo chidamukanika.

"Akuti musade nkhawa, ababa."

A Baltazar adapuma mpweya wautali, n'kutola khasu.

"Ndimadziwa ine, a Tomé ndi munthu. Katenge matumba, tiyambe kukumba."