Ukapitao Wanga wa ku Dimba la Sukulu

Ndikukumbukira chaka chimene aliyense m'chigwa cha Domasi anali atangolawa kuvota. Akuluakulu anali atasankha boma latsopano, ndipo malungo a chisankho anatsikira mpaka kwa ife ana. Ngakhale pa phada tinkafuna kuvota kuti ayambe ndani. Choncho sukulu itatsala pang'ono kutsekera tchuthi chachikulu cha m'chilimwe, aphunzitsi athu a zaulimi, a Chipala, ananena kuti nawonso asiya kusankha okha akapitao a ku dimba la sukulu. Anatigawa m'magulu, nkutiuza kuti aliyense aime kumbuyo kwa amene akumufuna.

Ine ndinali mu sitandade sikisi, kamtsikana kowonda koma ka mawu aakulu, mawu amene ndinawanolera m'kwaya ya Sande sukulu. Nditacheuka ndinapeza gulu lathu lonse lili kumbuyo kwanga. Mtima unadumpha. Ndinaganiza kuti Ambuye andiona monga anaonera mbusa wamng'ono uja pakati pa abale ake. Chimwemwecho anachidula ndi Yusufu, mnyamata wa m'kalasi mwathu amene pakamwa pake sipankatsekeka. Iye anati, "Usadzimve, Linesi. Takusankha chifukwa kwanu ndi kufupi ndi dimba. Zikavuta uzidzathirira wekha."

Dimbalo linali m'mphepete mwa mtsinje, pa dothi lakuda lonunkhira ngati mvula yoyamba. Madzi ake, ochokera kuphiri, ankazizira mpaka kulasa m'mafupa a miyendo. Gulu lililonse linapatsidwa mabedi a matimati ongowokedwa kumene, kuti liwasamale mpaka sukulu idzatsegulire. Ndipo a Chipala anaikapo nyambo. Anati potsegulira kudzakhala chionetsero cha mbewu ku boma, ku Zomba, ndipo kapitao wa gulu limene matimati ake adzapose onse adzakwera lole atanyamula dengu la sukulu. Ine ndinali ndisanapitirirepo pa Songani. Zomba ndinkangomumva m'nkhani za anthu: nyumba zosanjikizana, magetsi oyaka ndi masana omwe, ndi chinthu china chozizira chotsekemera chimene ankati umanyambita chili m'manja. Ndinalifuna lole limenelo monga mbawala ifunira mtsinje.

Za ukapitao ndinakafunsa kwa abambo, pakuti iwo anali kapitao weniweni ku nkhalango ya mapaini kuphiri. Anali munthu woopa Mulungu, koma ankakhulupirira kuti munthu ukamumwetulira m'mawa, masana akukwera pamutu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anati, "Kapitao sagwira ndowa, mwana wanga. Kapitao amagwira nthawi. Onse azifika pamodzi, azichoka pamodzi, iwe uli chilili." Anandionetsa ndi kaimidwe komwe, manja kumbuyo, chibwano m'mwamba.

Ndinatero. Ndinadula kamtengo ka bulugama koloza nako, nkulamula kuti aliyense azifika tikangotha kudya masana. Masiku oyamba anabwera, mwina pofuna kudzaonera kaimidwe kanga. Kenako anayamba kuthothoka mmodzimmodzi ngati masamba a m'chilimwe. Yusufu ndi Patuma nthawi imeneyo ankakhala ali ku madarasa. Limbani ankakhala ali kubusa ndi mbuzi za amalume ake. Edesi ankagulitsa zitumbuwa za amayi ake pa Songani. Zonsezi ine sindinkazimva. Ndinkangoona ndowa zili gonegone pa udzu, ndipo wobwera mochedwa ndinkamulalatira mpaka mbalame kuthawa m'bango. Posakhalitsa ndinamva kuti ndili ndi dzina latsopano, Farao. Ndinadabwa kuti ngakhale Yusufu akumudziwa munthu ameneyo. "Ifenso kwathu timamuphunzira," anatero uku akusenda nzimbe ndi mano. "Anathera m'madzi. Uzisamala ukamaima pafupi ndi mtsinjewu."

Ndinapita kwa amayi misozi ili m'maso. Amayi anali a Mvano, ndipo ukamawaona akutsogolera amayi anzawo posesa tchalitchi kapena pophika pa maliro, sukanadziwa kuti mtsogoleri ndi uti, chifukwa iwo ndiwo ankakhala ndi mphika wakuda kuposa onse. Anandikumbutsa kuti Ambuye wathu anamanga nsalu m'chiuno nasambitsa mapazi a ophunzira ake. Anati ndiyambe ine kugwira, enawo adzachita manyazi.

Ndinataya kamtengo kaja, nkusenza ndowa. Ndinkatsika ku mtsinje ndi kukwera, kutsika ndi kukwera, ndikuyimba nyimbo za m'kwaya mokweza kuti odutsa amve mmene mtumiki wokhulupirika akuvutikira. Anzanga anamvadi, ndipo anabwera. Anakhala pa chulu chimene chinali m'mbali mwa dimba, akudya nzimbe, akundiyamikira ndi mtima wonse. Manyazi amene amayi ananena aja sanafike ku Domasi chaka chimenecho. Limbani, ali chigonere pa chulupo, ankangoloza ndi chala cha phazi: "Akapitao, bedi ilo mwalidumpha."

Kunja kunayamba kutentha. Khosi langa linauma, m'manja munatuluka matuza, ndipo madzi a munthu mmodzi sankakwanira mabedi onse. Matimati athu anagwetsa masamba ngati makutu a galu wokalipiridwa. Pafupi pomwepo mabedi a gulu la Gilibati anali biriwiri. Gilibati anali mnyamata wamkulu amene anabwereza makalasi kangapo, ndevu zitayamba kale kumera, ndipo ulamuliro wake unali wa chibakera basi. Wojomba ankakumana naye panjira. Ndikaona masamba ake, ndinkaona lole likunyamuka ine nditatsala pa fumbi.

Chithandizo chinachokera kumene chimachokera nthawi zonse. Lamulungu lina mkulu wa mpingo analalikira za anthu amene anamanganso linga la Yerusalemu, kuti banja lililonse linkamanga chigawo choyang'anana ndi nyumba yake. Iwo ankanena za kukonza moyo wauzimu, ndipo ndikhulupirira kuti ena onse anamva zimenezo. Ine ndinamva za matimati. Ndinakhala pa benchi ndikudikira kuti nyimbo yotsekera ithe.

M'mawa mwake sindinaitanitse msonkhano. Ndinayenda khomo ndi khomo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinafunsa m'malo molamula. Ndinafunsa aliyense nthawi imene amakhala ndi mpata. Zinali zodabwitsa kuona kuti onse mpata anali nawo, kungoti sunali umodzi. Tinagwirizana kuti aliyense atenge bedi lake, alidziwe ngati mwana wake. Nthawi yobwera ndi yake, kaya m'bandakucha, kaya dzuwa litapendeka. Langa linali lamulo limodzi lokha: tsiku lililonse madzulo ndizidutsa ndi kupisa chala m'dothi la bedi lililonse. Chala chikatuluka ndi chinyezi, mtendere. Chikatuluka ndi fumbi, ndikakupeza kwanu, pamaso pa amayi ako.

Abambo atamva anapukusa mutu, nati ntchito yopanda belu ndi msika. Amayi anangoti bola ndisalalatire ana a eni. Koma dimba linayamba kudzuka. Yusufu ankafika akangochoka ku mapemphero a m'mamawa, mame ali ngwee, ndipo pa bedi lake anazikapo nsungwi yokhala ndi kansanza kofiira kuti dziko lidziwe mwini wake. Edesi ankadutsa pobwerera ku msika, beseni lili pamutu. Patuma, amene ndowa ankadana nayo kuyambira kubadwa, anayala udzu wouma pa bedi lake lonse kuti madzi asamaume msanga, ndipo ankathirira mwa apo ndi apo koma chala changa chinkatuluka chonyowa. Tonse tinatengera. Sindinaiwale kuti chinthu chanzeru koposa m'dimba lija tinachiphunzira kwa waulesi wa gulu.

Limbani yekha ndiye anayesa kundipusitsa. Ankangowaza timadzi pamwamba kuti dothi lide, nkumapita. Chala chitalowa chinapeza fumbi lotentha ngati phulusa. Ndinamupeza kwawo monga mwa pangano, ndipo amayi ake anamaliza okha nkhaniyo ine ndisanatsirize moni. Tsiku linanso mbuzi zimene Limbani ankaweta zinadya nsonga za matimati a Edesi, ndipo panali chiphokoso chimene chinamveka mpaka kutsidya. Sindinaweruze ine mlanduwo. Anaukamba okha: Limbani anamanga mpanda wa minga kuzungulira mabedi athu onse, Edesi nkumamusungira zitumbuwa zonyenyeka. Chimene chinandikhudza kwambiri ndinachizindikira mochedwa. Lachisanu mabedi a Yusufu ndi Patuma ankapezeka onyowa eni ake ali ku mzikiti, ndipo Lamulungu athu ankapezeka onyowa ife tili ku tchalitchi. Palibe amene analamula zimenezo. Bedi limodzi lokha, la Mavuto, linafa ndithu, chifukwa mwini wake anapita kwa azakhali ake ku Liwonde osatsanzika, ndipo pamene tinkazindikira kuti sabwera msanga, mbewu zinali zitapserera kale.

Sukulu itatsegulira, a Chipala anatsikira ku dimba, sukulu yonse ili pambuyo pawo. Anayambira kwa Gilibati. Mitengo yake inali italiitali, masamba obiriwira ochititsa kaso, koma atapatula masambawo sanapeze tomato wakupsa ngakhale wa mankhwala. Anthu ake ankathirira poopa chibakera, koma ankabwera ndi mchere m'matumba, ndipo chilichonse chofiira ankachidya pomwepo pobwezera chipongwe. Athu anali aafupi, ena opindika, ena olumidwa ndi mbuzi, koma atalemedwa ndi zipatso mpaka timitengo tomangirira kuwerama. A Chipala anathyola limodzi, naliluma, madzi nkutsikira m'chigongono. Sananene zambiri. Anangoti, "Linesi, ukachape diresi."

Tinakuwa, tinavina, kenako chimwemwe chinazilala, pakuti tonse tinakumbukira nthawi imodzi kuti wokwera lole ndi kapitao yekha. Ndinapempha a Chipala kuti tipite tonse, ngakhale choimirira. Anati lolelo lidzakhala litadzaza kale ndi madengu, nkhuku ndi ana a sukulu zina, malo ndi amodzi. Ndinayang'ana pansi. Koma Yusufu anati, "Pita, Farao. Koma akakakufunsa, usakanene kuti unalima wekha. Mulungu wako ndi wanga akakumva."

Tsikulo anandiperekeza onse mpaka pa Songani, akulandizana dengu panjira, aliyense akuika matimati a bedi lake pamwamba. Za ulendowo ndikukumbukira mphepo m'maso, fungo la dizilo ndi nkhuku, ndi tambala wina amene anandijompha mwendo njira yonse. Ku chionetsero kunali anthu ochuluka kuposa a pa Pasaka. Tinayala matimati athu pa thebulo, ndipo patapita nthawi panafika bwana wina wa tayi ndi magalasi, anthu akumutsatira. Ananyamula limodzi, nalitembenuza, nafunsa kuti walima ndani. A Chipala anayamba kuti, "Mtsikana uyu, bwana..." Koma mawu a m'kwaya aja anali atatuluka kale. Ndinati limene agwiralo ndi la Patuma, amene anatiphunzitsa kuyala udzu. Aakulu awa ndi a Yusufu. Awa ndi a Edesi, mbuzi zinawadya koma anaphukanso. Mpanda anamanga ndi Limbani, mbusa wa mbuzizo. Ndinatchula onse, ngakhale Mavuto, a Chipala akundikoka diresi kumbuyo kuti ndisiye. Bwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, akuseka mapewa okha. Kenako anati, "Ukandiperekere moni kwa onsewo, aliyense ndi dzina lake."

Mphoto sitinapate. Inapita kwa sukulu ina imene inabwera ndi kabichi wamkulu ngati mutu wa ng'ombe. Chozizira chotsekemera chija a Chipala anandigulira, ndipo theka linasungunukira pa diresi. Koma moni uja ndinamusenza bwinobwino, ndipo m'mawa mwake ndinamugawa khomo ndi khomo. Limbani anafunsa ngati moni amadyedwa. Komabe mpaka mvula inagwa ankauza aliyense kubusa kuti ku Zomba kuli bwana wa tayi amene amamudziwa dzina.

Lero pamene panali dimba paja pali nyumba za malata, ndipo mtsinje umayenda monyinyirika m'chilimwe. Inenso ndakalamba m'ntchito. Ndakhala pansi pa mabwana olalata ndi mabwana ongomwetulira, ndipo tsopano ndili ndi anthu angapo amene amanditchula kuti abwana pa ntchito yathu yosoka. Zinthu zasintha. Malamulo amabwera pa foni munthu usanasukusule, misonkhano imatenga tsiku lonse, ndipo ntchito ikayenda bwino amaitanidwa kutsogolo ndi mmodzi, kukaomberedwa m'manja m'malo mwa onse. Nthawi zina mmodziyo ndimakhala ine. Ndikaimirira, oyendetsa mwambo amayamba kuyang'ana mawotchi awo, chifukwa amandidziwa kuti sindikhala pansi ndisanatchule wodula nsalu, wosita, ndi mayi wosesa ulusi. Ndimawalola ayang'ane. Ine ndimatumikira Mbusa amene nkhosa zake saziitana kuti gulu, amaziitana iliyonse ndi dzina lake, ndipo sindinamvepo kuti anatopa nazo.