Thumba la Nkhope pa Khonde la Che Amidu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha siketi yong'ambika. Ndinali nditamaliza Folomu 4, ndikudikira kuitanidwa ku sukulu ya uphunzitsi. Kwathu ku Malindi kudikirako kunkanditopetsa. M'mawa ndinkayanika usipa pa thandala, masana maso ali kumsewu kuona ngati wa positi akubwera. Azakhali anga okhala pa boma la Mangochi atandiitana kuti ndikakhaleko nawo, ndinanyamuka osadikira kawiri. Potsika lole yomwe ndinakwera, siketi yanga inakodwa pa msomali. Ndinaisoka ndekha ndi manja, koma azakhali anati ndipite nayo kwa telala wa pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika.

Telalayo anali Che Amidu, bambo wachikulire wovala kofia yoyera, tepi yoyezera ili m'khosi nthawi zonse. Anatembenuza siketi ija, kuyang'ana msoko wanga, kenaka n'kundifunsa dzina la bambo anga.

"A Yohane," ndinayankha.

"Abiti Yohane, sukulu sinakuonongere manja ayi. Mawa ubwere. Maso anga atopa ndi mipendero."

Poyamba sanandilole kukhudza makina. Ndinkakoleza makala a mu simbi, kusita, kupinda mipendero, kusokerera mabatani ndi kukulunga ulusi pa bobini. Kenaka anandiphunzitsa kudontheza mafuta m'timabowo ta makina, kumangitsa lamba akakhwepa, ndi kupalasa ndi mapazi onse awiri mosadukiza kuti gudumu lisabwerere m'mbuyo n'kudula ulusi. Makinawo anali amodzi okha, akuda, utoto utasupuka pomwe dzanja lawo linkagwira. Ankati makinawo ndi amene analipirira ana awo onse sukulu. Madzulo tinkawanyamula awiri kukawatsekera m'sitolo.

Malamulo a pa khondepo anali awiri. Loyamba linali la boma: siketi iliyonse ibise mawondo. Mtsikana akanong'oneza kuti tikwezeko pang'ono, Che Amidu ankangogwedeza mutu ngati avomera, koma choko n'kulemba pansi pa bondo pomwepo.

Lachiwiri silinalembedwe paliponse, koma linali lalikulu. Masiku amenewo m'dziko munali chipani chimodzi, ndipo amayi onse ankayenera kukhala ndi nsalu ya chipani yovala pokavina pa misonkhano. Pa nsaluyo panali nkhope ya mtsogoleri wa dziko, yobwerezabwereza m'timabwalo tozungulira. Nkhope imeneyi sinkadulidwa. Sinkazondotsedwa, sinkabisika m'khwapa, ndipo koposa zonse sinkakhala kumbuyo, pokhalira. Tinkayala nsalu patebulo, kusuntha mapepala a patani uku ndi uku mpaka sizasi itapeza njira pakati pa nkhope ndi nkhope.

Vuto linali m'mphepete. Ogulitsa akamang'amba nsalu pa mpukutu, kumapeto kunkatsala theka la nkhope, mwina diso limodzi ndi khutu. Zidutswa zotere sitikanazisoka pa chovala, komanso sitikanazitaya kudzala kapena kuziotcha, poopa kuti wina aona n'kukanena. Che Amidu ankaziika m'thumba la chimanga pansi pa tebulo. Thumbalo analiyamba ine ndisanabadwe.

"Lidzathera kuti thumba limeneli?" ndinafunsa tsiku lina.

"Mwini wake akadzafuna maso ake adzawapeza onse," anatero osakweza mutu. "Sita kolala uyo."

Chaka chomwecho kunachitika chisankho chofunsa anthu ngati akufuna kukhalabe ndi chipani chimodzi kapena zipani zambiri. Chizindikiro cha chipani chimodzi chinali tambala wakuda, cha zipani zambiri chinali nyali. Ine ndinali ndisanakwane zaka zovotera, ndipo zinkandipweteka. Mtima wanga unali ku nyali. Ndikamapalasa makina, maso ankathawira kumsewu, kuona amene akukwezerana mobisa zala ziwiri za otsatira nyali. Kawiri konse ndinasokerera mkono mozondoka. Che Amidu sankanena mbali yawo. Ankasokera onse.

Wailesi italengeza kuti nyali yapambana, ndinalemba m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku kuti mantha atha m'dziko. Koma m'mawa mwake ofesi ya chipani, yomwe inali tsidya la msewu moyang'anana ndi khonde lathu, inatsegulidwa monga mwa masiku onse. Boma linati likhalapobe mpaka chisankho china. A chipani ena ankati mavoti aberedwa, anthu akuno anavota kawirikawiri. A nyali ankati opambana ndiwo alamule lero lomwe. Mphekesera zinkasintha m'mawa ndi masana. Palibe ankadziwa woyenera kumuopa, choncho tinkaopa onse.

Mkati mwa masiku amenewo mayi Mbewe, wapampando wa amayi a chipani, anabweretsa nsalu zatsopano kuti tisoke madiresi a ovina pa chikondwerero cha ufulu. Anali mayi wamawu akulu, mkazi wa kalaliki wa pa boma, ndipo aliyense ankadziwa kuti akatchula dzina la munthu ku ofesi ija, munthuyo sagona kwake. Madiresi titamaliza tinawapachika pa chingwe cha pa khonde, nkhope zikuyang'ana kumsewu, monga tinkachitira nthawi zonse.

Linali Lachisanu. Dzuwa lili pamutu, Che Amidu anasamba m'manja n'kunyamuka kupita ku mzikiti kukaswali.

"Usadule chilichonse ine kulibe," anatero. "Mipendero yokha."

Sipanapite nthawi, ndinamva phokoso kuchokera ku mlatho wa pa Shire. Linali gulu la anthu, ena atanyamula nthambi za mitengo, ena nyali zoyaka masana dzuwa likuswa mtengo, onse zala ziwiri m'mwamba. Ankakuwa kuti, "Tapambana, achoke!" Ndinaimirira. Miyendo inkafuna kudumpha khonde kuti ndikalowe m'gulumo. Nditacheuka tsidya lina ndinaona mayi Mbewe ataima pakhomo pa ofesi, pambali pawo anyamata awiri a chipani a malaya ofiira.

M'gulumo munatuluka mayi wina woonda, atafunda mpango kumutu, n'kukwera pa khonde. Ndinamva anzake akumutchula kuti mayi Asiyatu, wa ku Namwera. Anamasula nsalu ya chipani yakale yomwe anamanga m'chiuno pamwamba pa chitenje, n'kuiponya patebulo.

"Mwanangu, ndisokere siketi. Pompano. Nkhope iyi ikhale kumbuyo, ndizimukhalira."

Anthu anaseka n'kuyamba kuunjikana pa khonde.

"Mayi, eni ake makina apita ku mzikiti," ndinatero.

"Nanga iwe manja ulibe? Amuna anga anawatenga m'munda wa fodya chifukwa cha khadi la chipani. Mpaka lero sindidziwa pomwe anawaika. Ine n'kumavinabe nditavala nkhope iyi pamtima. Lero ndikufuna ndiikhalire."

Sizasi inali pafupi ndi dzanja langa, ndipo ndinkafuna kuitola. Ndinkaona kale pomwe choko chikanadutsa. Koma ndinkaonanso maso a mayi Mbewe tsidya lija. Gulu likanapita kwawo madzulo, koma ofesi ikanatsala pomwepo, ndipo wokayankha sakanakhala ine. Akanakhala Che Amidu ndi makina awo.

"Pepani mayi, sindingathe. Makinawa si anga."

"Mwamva?" anakuwa mwamuna wina wamtali wa nyali m'manja. "Taonani madiresi apachika apawa! Telala ameneyu ndi tambala. Makina ake akasambe mu Shire!"

Anaika nyali pansi n'kugwira mutu wa makina. Mnzake anagwira tebulo. Ine ndinadzigwetsa pa makinapo ndi chifuwa, kuwakumbatira, ndikukuwa kuti asiye. Anakoka ndithu. Lamba anaduka, bobini zinamwazika pansi, ndipo mwendo wa tebulo unakokera thumba lija poyera n'kuligwetsa. Pakamwa pake panamasuka.

Zidutswa zinakhuthukira pa khonde mpaka pa masitepe. Maso, makutu, zibwano, theka la mphumi, zina zatsopano, zina zofwifwa ndi zaka. Anthu anawerama kuziyang'ana. Wamtali uja anasiya makina, n'kutola kachidutswa ka diso limodzi, kukayang'anitsitsa.

"Aaa! Anthu inu, tamulakwira mdala wa makinayu," anatero. "Ife tayamba dzulo, iye wakhala akumuduladula mtsogoleriyu zaka zonsezi!"

Kunabuka nthungululu. Ena anayamba kuimba dzina la Che Amidu. Anabwezera tebulo pamalo pake, wina mpaka anapukuta makina ndi malaya ake. Ndinkafuna kuwauza kuti si choncho, kuti thumbalo linadzaza chifukwa cha mantha, osati kulimba mtima. Koma ndinaona mayi Mbewe akuoloka msewu, ndipo zomwe zinatipulumutsa kwa a nyali zinali zokwanira kumangitsa Che Amidu.

Anabwera okha, anyamata aja atawasiya pakhomo. Anthu anawapatsa njira, wina n'kulira ngati tambala kumbuyo kwawo. Anaima pa masitepe, zidutswa zili pa mapazi awo, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Madiresi anga atha?" anafunsa.

"Atha, mayi."

Ndinawatsitsa pa chingwe. Ndikuwapinda, iwo anawerama ngati akuona msoko, n'kulankhula motsitsa mawu, mwakuti ndinamva ine ndi mayi Asiyatu okha.

"Kwanga nsalu za nkhopezi zadzaza sutikesi. Zong'ambika, zodyedwa ndi njenjete. Ndimasowa kozitaya." Anakweza mutu. "Longedza msanga izi, mtsikana iwe, mphepo isaziulutsire ku ofesi. Ine ndaona madiresi okha."

Ananyamula madiresi awo n'kuoloka msewu osacheuka. Mayi Asiyatu anawayang'ana mpaka analowa m'ofesi. Kenaka anagwada n'kuyamba kundithandiza kutola. Gulu linali litayamba kale kusunthira ku maofesi a boma.

"Nsalu yangayo isunge," anatero ponyamuka. "Ndidzabwera."

Che Amidu atabwerako anapeza lamba woduka ndi ine ndikulira. Ndinawafotokozera zonse, mpaka za nyimbo ya dzina lawo. Anakhala pa mpando, kuvula kofia, kuivalanso.

"Ndiye kuti tsopano ndine ngwazi ya nyali?" anatero. "Wallahi, ine ndimangoopa ndende." Anaboola nsonga za lamba ndi msomali, kuzilumikiza ndi kawaya, n'kupalasa pang'ono kuti amve kulira kwa makina. "Sunadule. Wachita bwino."

Masiku otsatira tinkangodzidzimuka galimoto iliyonse ikaima pafupi. Palibe anabwera. Lamulo linasinthidwa, zipani zina zinaloledwa, ndipo anthu anayamba kukangana za chisankho chotsatira mokweza, pamsika penipeni. Kalata yanga ya ku sukulu ya uphunzitsi inafika. Sabata yanga yomaliza pa khondepo, mayi Asiyatu anatulukira, atasenza dengu la tomato wogulitsa.

Che Amidu anatulutsa nsalu ija n'kuiyala patebulo. "Mukufunabe siketi, mayi? Lero ndikhoza kuiika komwe mukufuna."

Mayiyo anaseka pang'ono. "Iyayi, Che Amidu. Ndaganiza. Kutsogolo ndamuvala zaka zonsezi, ndiye ndizimunyamulanso kumbuyo? Ndatopa naye. Ingodulani tizigamba, ndizikagwirira mapoto."

Che Amidu anatola sizasi, kuiyang'ana, n'kundipatsa ine. "Abiti Yohane, dzanja langa linazolowera kukhota. Dula ndiwe."

Panalibe woopseza aliyense. Ofesi ya tsidya lija inali yotseka tsiku limenelo. Komabe sizasi itafika pa kabwalo ka nkhope, dzanja langa linaima lokha, n'kuyamba kufuna njira yolambalala. Ine amene ndinalemba kuti mantha atha, ndinachita kugwira mkono wanga ndi dzanja linalo kuti ndipitirize. Nsalu inalira monga imalirira nsalu iliyonse.

Ndaphunzitsa zaka zambiri tsopano, ndipo zisankho zokanganirana ndaziona zingapo. Wailesi ikalengeza wopambana sindifulumiranso kulemba kuti zatha. Ndinaphunzira pa khonde lija kuti ulamuliro umachoka m'ofesi msanga kuposa mmene umachokera m'manja mwa anthu, ndipo wokana kudula si mdani wako nthawi zonse. Tsiku lomwelo mayi Asiyatu anaika tizigamba tawo pamwamba pa tomato n'kumapita kumsika. Che Amidu anandiuza kuti ndisese zotsalira. Ndinafunsa ngati ndiziike m'thumba.

"Kudzala," anatero. Kenaka anasuzumira tsidya la msewu, n'kudziseka okha.